Galasi la m'mbali likamagwedera pa galimoto ya sports: kupeza pamene pakhwefuka ndi kukonzapo

Galasi la m'mbali likayamba kugwedera, eni galimoto ambiri amathamangira kuthira guluu pamene akuganiza kuti pakhwefuka, ndipo ena amangogula galasi lonse latsopano. Nthawi zambiri onsewa amakhala atataya ndalama pachabe, chifukwa chimene timachitchula kuti galasi la m'mbali ndi zigawo zingapo zogwirana motsatizana, ndipo kawirikawiri chimene chakhwefuka chimakhala chimodzi chokha. Ntchito yaikulu ndi kuchipeza chigawocho. Chikapezeka, kukonza kwake kumatha ndi sikuludiraiva kapena sipanala imodzi, pamene guluu wothiridwa mongoganizira amatha kutsikira mu mota yosinthira galasi n'kuiumitsa, vuto laling'ono n'kusanduka lalikulu.

Zigawozo, kuyambira pamene mumayang'anapo kukafika ku chitseko, zili motere. Pali galasi lenilenilo, lomatidwa pa kambale kapulasitiki. Kambaleko kamakola ndi timano ku mota yosinthira galasi, imene m'kati mwake muli timamota tiwiri, kena kopendeketsa galasi m'mwamba ndi pansi, kena kumanzere ndi kumanja. Motayo imamangidwa ndi masikuluwu ku fulemu, fulemuyo imakutidwa ndi chigoba, ndipo pa magalimoto ambiri chigobacho chimakhala ndi chivindikiro chapadera chopakidwa penti wofanana ndi wa galimoto. Zonsezi zimazungulira pa mzati wobowoka pakati, momwe mumadutsa mawaya, ndipo pamzatipo ndi pamene galasi limapindikira likagundidwa. Pansi pa zonse pali tsinde, limene limamangidwa ku chitseko ndi manati kapena mabawuti.

Galimoto ya sports imazunza galasi lake kuposa galimoto wamba. Masipuling'i ndi mashoko ake ndi olimba, matayala ake ndi aafupi m'mbali, kotero kuti kabampu kalikonse ka pamsewu kamafika ku bodi kasanafewetsedwe. Komanso, popeza magalimotowa amakhala otambalala kumbuyo, opanga ake amakonda kuika galasi pa kamkono kowonda kotalikirana ndi chitseko kuti woyendetsa azitha kuona kupyola phewa la tayala lakumbuyo, ndipo kamkono kakatalika, kukhwefuka kochepa kwa patsinde kumakula kukamafika kunsonga. Palinso mphepo, imene mphamvu yake imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo: pa makilomita 120 pa ola imakankha galasi ndi mphamvu yochuluka kanayi kuposa pa makilomita 60, ndipo pa makilomita 180 mphamvuyo imachuluka kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake galasi limene limakhala phee mukamayenda pang'onopang'ono limayamba kuvina mukangolowa mumsewu waukulu.

Kumvetsera ndi kugwedeza musanamasule kanthu

Choyamba, yendetsani galimoto kuti mudziwe nthawi yeniyeni imene vutolo limabwera, ndipo ngati n'kotheka tengani mnzanu woti azimvetsera inu maso ali pamsewu. Sankhani msewu umodzi umene uli ndi gawo losalala ndi gawo la mabampu, chifukwa mudzabwererako kangapo poyesa ngati mwakonza. Siyanitsani zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, kunjenjemera kwa chithunzi cha m'galasi ndi phokoso. Chithunzi chikamanjenjemera popanda phokoso, kaikirani galasi lenileni, kambale kake kapena mota. Phokoso la gobedegobede pomwe chithunzi chili bwinobwino limachokera kawirikawiri ku chivindikiro, ku mawaya omenya chigoba, kapena ku kamwala kamene kalowa m'kati. Zonse ziwiri zikamachitika pamodzi, makamaka pamabampu, ganizirani za mzati kapena tsinde.

Pali lamulo limodzi limene lingakupulumutseni ku ntchito yopanda pake. Yang'anani magalasi onse atatu, awiri a m'mbali ndi la m'kati. Ngati onse akunjenjemera nthawi imodzi, ndipo kunjenjemerako mukukumvanso m'manja pa chiwongolero kapena pampando, galasilo ndi mboni chabe, wolakwa ali kwina. Tayala la galimoto yotere limayenda pafupifupi mamita awiri likazungulira kamodzi, kutanthauza kuti pa makilomita 100 pa ola limazungulira pafupifupi maulendo 14 pa sekondi iliyonse, ndipo likakhala losabalansidwa kapena limu yake itapindika, limagwedeza galimoto yonse, makamaka pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola. Kunjenjemera kumene kumabwera galimoto itaima injini ikulira kuli ndi gwero lina. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa mafuta kawiri pa kuzungulira kulikonse, choncho ikamalira pa 800 rpm, kutanthauza kuzungulira maulendo 800 pa mphindi, imagunda pafupifupi maulendo 27 pa sekondi, ndipo malabala okhazikapo injini akatha, kugundako kumafika ku zitseko. Zikatero konzani matayala kapena malabalawo poyamba, kenako muonenso galasi.

Mukatsimikiza kuti likuvuta ndi galasi limodzi lokha, imikani galimoto, zimitsani injini, tsitsani windo, ndipo muyambe kuyesa ndi manja. Galasi la mbali inayo, limene lili bwino, likhale muyeso wanu, ndipo chilichonse chimene mwachita uku muchitenso uko kuti mufanizire. Dinani galasi lenileni ndi nsonga za zala m'makona onse anayi, mofatsa. Galasi labwino limagonja pang'ono n'kubwerera pamalo ake mwakachetechete, pamene lokhwefuka limasewera momasuka kapena kulira khethe musanaikepo mphamvu. Kenako gwirani chigoba chonse ndi dzanja limodzi, muchigwedeze m'mwamba ndi pansi, ndiponso kutsogolo ndi kumbuyo, chala cha dzanja linalo chili pa mpata wa pakati pa chigoba ndi tsinde. Bwerezani chala chili pamene tsinde lakumana ndi chitseko. Chala chimamva kusuntha kumene diso silingakuone, ndipo mpata umene ukutseguka ndi kutsekeka pansi pa chalacho ndi umene uli ndi mlandu. Pomaliza gogodani chivindikiro ndi nkhonya mopepuka, khutu lili pafupi.

Nthawi zina manja sapeza kanthu, chifukwa kugwedera kwina kumafuna mphepo kapena mabampu otsatizana. Apa ndi pamene tepi yapepala, ija amagwiritsa ntchito opaka penti, imathandiza kuposa chida china chilichonse. Matani tepi pa mzere wonse pamene chivindikiro chakumana ndi chigoba, n'kupita kukayesa pamsewu uja. Ngati phokoso likadalipo, chotsani tepiyo, lowetsani kasiponji kakang'ono pakati pa m'mphepete mwa galasi lenileni ndi chigoba, osaphimba poonera, ndipo muyesenso. Musakhudze switchi yosinthira galasi kasiponjiko kali momwemo, kuopa kupweteka mota. Kachitatu, mangani chigoba ku tsinde ndi tepi yochindikala. Chinsinsi chake ndi kusintha chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse. Munthu amene wamata malo onse atatu nthawi imodzi, phokoso n'kutha, amabwerera kunyumba wosangalala koma asakudziwabe pamene pali vuto. Tepiyo muichotse tsiku lomwelo, chifukwa ikapsa ndi dzuwa imasiya zomata pa penti.

Musanaliweruze galasi, kumbukirani kuti khutu limanama za kumene phokoso likuchokera. Magalimoto ambiri a sports, monga Mazda MX-5, Toyota 86 ndi Nissan 370Z, ali ndi mawindo opanda fulemu pamwamba, ndipo windo lotere likakhwefuka m'njanji zake limagogoda pafupi kwambiri ndi galasi la m'mbali. Litsitseni masentimita awiri kapena atatu muli paulendo, kenako mulitsitse lonse. Phokoso likasintha kapena kutha, vuto lili m'chitseko. Dinaninso ndi dzanja kapulasitiki ka makona atatu kamene kali m'kati, kuseri kwa galasi, momwe nthawi zambiri mumakhala kasipika kakang'ono, ndipo muzimitse wailesi, popeza sipika ya m'chitseko ikamagunda mwamphamvu imagwedeza chilichonse chimene timano take tathyoka.

Ngati galasi lanu limapindika ndi magetsi, pali kuyesa kwina kosafuna chida. Galasi lotere likakankhidwa ndi dzanja, kaya ndi wotsuka galimoto kaya ndi munthu wodutsa pamalo oimika magalimoto, limachoka pa malo amene magiya ake amakola, ndipo limaoneka ngati lili pamalo pake pomwe likungolendewera. Dinani switchi yolipinda, mulilole lifike kumapeto, kenako mulitambasule, ndipo mubwereze kawiri kapena katatu mpaka mutamva likukola mwamphamvu. Magalasi ambiri amene eni ake amaganiza kuti athyoka amachira pomwepa.

Zida zofunika pa ntchito yotsalayi si zambiri: timipeni tapulasitiki totsegulira mapanelo, soketi ya mamilimita 10 ndi ya 8 pamodzi ndi chotalikitsira chake, masikuludiraiva a Torx kuyambira T10 mpaka T30, sipanala ya toki yaing'ono (imene imayeza mphamvu yomangira nati), tochi, maginito a pa kamtengo, chowumitsira tsitsi, magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Sikuludiraiva yachitsulo yafulati musaigwiritse ntchito potsekula pulasitiki, chifukwa imasiya zipsera ndipo imaswa galasi.

Tsinde

Tsinde likakhala kuti ndilo likusewera, onani kaye mmene lamangidwira. Pa magalimoto ena limakhala pa kona ya windo, ndipo manati ake, amene kawirikawiri amakhala atatu, amaonekera mukangochotsa kapulasitiki ka makona atatu kaja. Pa magalimoto ambiri a sports limakhala pa thupi la chitseko lenileni, munsi mwa windo, ndipo kuti mufike ku manati ake muyenera kuchotsa panelo yonse ya m'kati mwa chitseko. Masikuluwu a paneloyo amabisika kuseri kwa chogwirira, pansi pa maswitchi ndi m'mphepete, ndipo mukawamasula onse, paneloyo imatuluka m'timano take mukaitsekula kuyambira pansi, kenako n'kuinyamula m'mwamba. Ikakana, pali sikuluwu imene mwaiphonya, ndipo kukoka mwamphamvu sikungaimasule.

Pano pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba ndi airbag, thumba lija limafufuma pangozi kuti liteteze anthu a m'galimoto. Magalimoto ena ali ndi airbag kapena sensa yake m'chitseko, ndipo mapulagi ake nthawi zambiri amakhala achikasu. Musanafike pafupi nawo, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negetivi ku batire, ndipo mudikire mphindi zimene buku la galimoto yanu likunena. Sensa zina zimazindikira ngozi poyeza mphamvu ya mpweya wa m'chitseko, choncho pepala lapulasitiki kapena chotsekera chimene chili kuseri kwa panelo chiyenera kubwezeretsedwa chomatika bwino, chopanda kung'ambika. Chachiwiri ndi windo lopanda fulemu lija. Pa magalimoto ambiri windo lotere limatsika lokha mamilimita ochepa mukatsegula chitseko, n'kukweranso mukatseka, kuti lilowe bwino mu labala. Batire likachotsedwa windolo silitsika, ndipo kumenyetsa chitseko windo lili pamwamba kumatha kuliswa kapena kung'amba labala. Ikani windolo pamene mukulifuna musanachotse batire, ndipo chitseko chikhale chotsegula mpaka mutamaliza.

Mukawaona manati, tsekani mpata wa pansi pake ndi kansalu, chifukwa nati ikagwera m'mimba mwa chitseko imadya nthawi yochuluka kuposa ntchito yonse, ndipo mukaisiya momwemo mwangosamutsa phokoso. Musangomanga manatiwo n'kutseka. Amasuleni, mnzanu atagwira galasi kunja, ndipo mulikoke pang'ono kuti muone kasiponji kapena labala amene ali pakati pa tsinde ndi chitseko. Kasiponjiko kamaphwatalala pakapita zaka, ndipo kakatero manati amaoneka omangika pomwe tsinde silikupanikizidwa mokwanira. Kasintheni ngati kaphwanyika kapena kauma. Yang'ananinso mabowo a pachitseko ngati pali ming'alu kapena dzimbiri, ndiponso ngati mabawuti otuluka m'tsinde sakuzungulira pamodzi ndi nati. Bawuti lozungulira m'tsinde limasonyeza kuti mazinga a m'kati adyeka, ndipo tsinde lotero limafuna kuikidwa mazinga atsopano kapena kusinthidwa.

Pomanga, yambani manati onse ndi zala, kenako muziwalimbitsa mosinthanasinthana pang'onopang'ono kuti tsinde likhale mofanana mbali zonse. Mabawuti a M6, amene mitu yake imalowa soketi ya mamilimita 10, amamangidwa kawirikawiri pa 8 mpaka 10 Nm, muyeso wa pa sipanala ya toki, koma nambala ya m'buku la galimoto yanu ndiyo yoyenera kutsatira. Mphamvu imeneyi ndi yochepa kwambiri, ya dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chogwedera chimafuna kumangidwa mwankhanza, koma tsinde la galasi limapangidwa ndi chitsulo chosungunula chosachedwa kuthyoka kapena pulasitiki, ndipo khungu la chitseko ndi lopyapyala. Pa magalimoto a bodi ya faibagalasi kapena zosakaniza zofanana nayo, monga Chevrolet Corvette ndi Lotus Elise, kumanga mopyola muyeso kumang'alula malo ozungulira bowo, ndipo mng'alu wotero umaonekera pa penti patapita nthawi. Kuti manati asadzamasukenso, ikani kadontho kamodzi ka mankhwala okoletsa mazinga a mtundu wabuluu, monga Loctite 243, kapena gwiritsani ntchito manati okhala ndi nailoni m'kati. Mankhwalawo akhale pa chitsulo pokha, chifukwa akakhudza mapulasitiki ena monga ABS amawachititsa ming'alu. Ofiira musawayandikire, popeza kuwamasula kumafuna kutenthetsa kwambiri.

Galasi lenileni ndi zimene zili kuseri kwake

Mavuto ambiri ali kuseri kwa galasi lenileni, ndipo kulichotsa ndi gawo limene limafuna kuleza mtima. Matani tepi yapepala modutsanitsa pankhope pa galasi kuti likasweka zidutswa zisamwazike, ndipo mumatenso m'mphepete mwa chigoba poteteza penti. Valani magolovesi ndi zoteteza maso. Ngati kukuzizira, tenthetsani galasi ndi chowumitsira tsitsi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, chifukwa timano tapulasitiki tozizira timathyoka m'malo mogonja. Ndi switchi, pendeketsani galasi mpaka kumapeto kuti mbali imodzi patseguke mpata waukulu, ndipo muunikemo ndi tochi musanalowetse chida chilichonse. Magalasi ambiri amakola ndi timano tozungulira mota, koma ena ali ndi mphete yokhomera imene imafuna kuzunguzidwa pang'ono, kapena kawaya kachitsulo koti kamasulidwe kaye, ndipo galasi lotere mukalikoka mwamphamvu limangosweka.

Ngati ndi la timano, lowetsani kampeni kapulasitiki kapena zala mpaka pafupi ndi pakati, pamene kambale kakumana ndi mota, ndipo mukankhire kunja pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira nkhope ya galasi. Mphamvu ikhale pafupi ndi pakati, chifukwa kukoka m'mphepete kumapinda galasi, ndipo galasi silidziwa kupindika. Likamasuka musalikokere kutali, popeza kuseri kuli mawaya. Mawaya awiri a timapulagi tafulati ndi a chotenthetsera galasi chimene chimachotsa nkhungu, ndipo powachotsa gwirani kachitsulo ka pagalasi ndi chala kuti kasazuke. Pangakhalenso pulagi ya kanyali kochenjeza za galimoto yobisika m'mbali, kapena ya galasi lodzidetsa lokha usiku. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse.

Galasi lili m'manja, yesani kulisuntha pa kambale kake. Ngati likusewera kapena lamatuka kona imodzi, mwapeza vuto, ndipo mwalipeza nthawi yabwino, chifukwa galasi lotero limathera kugwera pamsewu. Chotsani zomata zakale zimene zamatuka, pukutani mbali zonse ziwiri ndi sipiriti wa isopropyl, ndipo musamale kuti musakande kuseri kwa galasi kapena kung'amba pepala la chotenthetsera limene lili pakati. Matani ndi tepi yomata mbali zonse yopangidwira kunja kwa galimoto, kapena ndi silikoni wopangidwira magalasi. Silikoni wonunkha ngati viniga ali ndi asidi amene amadya utoto wonyezimira wa kuseri kwa galasi, ndipo pakapita miyezi mumayamba kuona mawanga akuda. Guluu wouma msanga uja wa m'timachubu nayenso sayenera, chifukwa amauma gwa, ndipo galasi ndi pulasitiki zikamafutukuka mosiyana padzuwa, amasweka. Ikani silikoni m'timadontho tingapo m'malo mopaka ponseponse, panikizani ndi tepi, ndipo mudikire maola 24 musanayendetse galimoto.

Ngati timano ta kambale tathyoka, kunena zoona kumata sikuthandiza kwa nthawi yaitali, ndipo ndi bwino kugula galasi latsopano lobwera ndi kambale kake. Potero tsatirani nambala yolembedwa kuseri kwa lakalelo, popeza magalasi amasiyana: lina ndi lafulati, lina ndi lotukuka, lina lili ndi kamzere kogawa mbali yakunja yoonetsa patali, ndiponso la galimoto ya chiwongolero chakumanja silifanana nthawi zonse ndi la chiwongolero chakumanzere. Galasi lodzidetsa lokha lili ndi mankhwala pakati pa magalasi awiri, ndipo likasweka kapena kuyamba kudontha musawakhudze ndi manja, komanso muwapukute msanga akagwera pa penti.

Pali kachinthu kena kamene ngakhale amakaniko ena amakaphonya. Kuseri kwa kambale, m'mphepete, magalasi ambiri ali ndi kachitsulo kopyapyala kamodzi kapena tiwiri, kooneka ngati lilime, kamene kamakhudza khoma la m'kati mwa chigoba. Ntchito yake ndi kukhula khomalo kuti galasi lisanjenjemere, ndipo kakapindika, kakagwa, kapena wina akabwezeretsa galasi kachitsuloko katapinda m'malo molowa m'njira yake, chithunzi chimanjenjemera pa liwiro ngakhale zina zonse zili zolimba. Fananizani ndi galasi la mbali inayo. Ngati kangofooka, kawongoleni pang'ono ndi zala kuti kazikankha khoma, ndipo ngati kasowa, yang'anani pansi pa chigoba, chifukwa mwina ndi komweko kamene kamachita phokoso.

Tsopano gwirani mota ndi kuigwedeza. Imamangidwa ndi masikuluwu atatu kapena anayi aang'ono, ndipo imodzi yokha ikamasuka ndi yokwanira kunjenjemeretsa chithunzi chonse. Masikuluwu amenewa akamalowa m'pulasitiki ali ndi kamangidwe kake. Zunguzani sikuluwu chobwerera m'mbuyo kaye mpaka mutamva yagwera m'mazinga ake akale, kenako muimange mpaka itangogwira. Mukailowetsa mosasamala imadula mazinga atsopano pamwamba pa akale, bowo n'kukula. Bowo limene ladyeka kale lingathe kudzazidwa ndi guluu wa epoxy n'kubowoledwanso akauma, kapena mungaikemo sikuluwu yonenepa pang'ono, koma isakhale yotalika kuposa yakaleyo, kuopa kubowola chigoba. Ngati thupi la mota lili nji koma mphete yake yakutsogolo, pamene kambale kamakola, ikusewera, onani timikono tiwiri tokankha mpheteyo, chifukwa mitu yake yobulungira imatha kutuluka m'mabowo ake galasi likakankhidwa ndi dzanja, ndipo imabwerera mukaidina. Ngati yadyeka, sinthani mota yonse. Imagulitsidwa payokha pa magalimoto ambiri, ndipo kuisintha ndi nkhani ya masikuluwu omwewo ndi pulagi imodzi.

Chigoba chili chotsegula chomwecho, chotsani timiyala, mchenga ndi zidutswa za pulasitiki zimene zaunjikana pansi pake. Gwedezani mawaya ndi mapulagi, ndipo chilichonse chimene chikutha kumenya khoma muchikulunge ndi tepi yansalu yokulungira mawaya a galimoto, n'kuchibwezera m'kachingwe kake. Siyani mawaya a chotenthetsera ndi utali wokwanira kuti galasi lizipendekeka mbali zonse osawakoka. Timabowo totulutsira madzi pansi pa chigoba tisatsekedwe. Timano ta chivindikiro timaonekeranso kuchokera m'kati momwemu, ndipo ngati chivindikirocho ndi chimene chimalira, kanikizani timanoto kuti chituluke, matani tizidutswa ta nsalu yofewa yomata pamene chimakhudzana ndi chigoba, ndipo muchibwezeretse. Nyali ya indiketa ya pagalasi nayo imakhala ndi sikuluwu imodzi kapena ziwiri zoyenera kuziyesa.

Mzati ndi umene uli ndi nkhani yovuta. M'kati mwake muli sipuling'i yamphamvu imene imapanikiza chigoba pa timapiri ndi timaenje tokolana, ndipo ndi timeneti timene timachititsa galasi kuima pamalo amodzi n'kugonja likagundidwa. Mchenga ukalowamo kapena chitsulo chikachita dzimbiri, galasi silikhala pansi mokwanira m'timaenjeto. Lipindeni, tsukani mpatawo ndi kaburashi, ikani girisi wa silikoni pang'ono, amene sawononga pulasitiki ndi labala, ndipo mulipinde ndi kulitambasula kangapo. Pa magalasi ena pali masikuluwu pansi pa mzati amene amaonekera pokhapokha galasi litapindidwa, ndipo kuwamanga kumathetsa kusewera konse. Zimenezi zikakanika, ndiye kuti timapiri tadyeka, washa wogwira sipuling'i wathawa, kapena magiya a mota yopinda atha. Sipuling'i imeneyo ndi yopanikizidwa kwambiri moti ikafwamphuka imatha kuvulaza diso kapena chala, ndipo kuibwezeretsa kumafuna chopanikizira. Apa ndi pamene kugula galasi lathunthu, kaya latsopano kaya lochotsedwa ku galimoto ina ya mtundu womwewo, kumakhala kwanzeru. Ena amabowola n'kukhomapo sikuluwu kapena kuthira guluu kuti mzati usazungulirenso. Phokoso limathadi, koma galasi lotero silingagonjenso, ndipo tsiku limene lidzagunde munthu woyenda pansi kapena chipilala, mphamvu yonse idzapita kwa munthuyo kapena ku khungu la chitseko.

Pobwezeretsa, lumikizani mapulagi onse, bwezerani batire, ndipo muyese zamagetsi zonse panelo ya chitseko isanatsekedwe: kupendekeka mbali zinayi, kupinda, indiketa ndi chotenthetsera. Ikani mota pakatikati, lunjikitsani timalilime tachitsulo tija m'njira zake, ikani nsalu yopinda pankhope pa galasi, ndipo mukankhe pakati penipeni ndi chikhatho chonse mpaka timano titakola. Dinani makona anayi monga munachitira poyamba, kenako muyendetse galasi ndi switchi mpaka kumapeto mbali zonse, mukumvetsera ngati likukhula chigoba. Batire likachotsedwa, mawindo ambiri amaiwala malire ake, ndipo pa magalimoto ambiri amakumbutsidwa potseka chitseko, kukweza windo mpaka pamwamba ndi kugwirabe switchi kwa masekondi angapo, koma ndondomeko yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Musatseke chitseko mwamphamvu mpaka mutaona kuti windo layambanso kutsika lokha.

Bwererani ku msewu uja, pa liwiro lomwe lija, wailesi itazimitsidwa, ndipo muyese windo lili chotseka ndiponso lili chotsegula. Ngati munasintha kasiponji ka patsinde, dziwani kuti katsopano kamaphwa pang'ono m'masiku oyamba, choncho patatha sabata imodzi kapena ziwiri ikaninso chala pamene tsinde lakumana ndi chitseko, gwedezani chigoba, ndipo mukamva kusuntha kulikonse muyesenso manati aja ndi sipanala ya toki pa muyeso womwe uja.